Miyala ya Sileti Pakhoma: Makalata Ochokera Kugombe la Chilwa

WOWULUTSA: Amisiri athu akhala kale pampando. Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wa ku Kachulu amene ali pantchito ku Joni. Akuti: "Kuno nyumba zambiri amazimata miyala yopyapyala yakuda ndi yofiirira kunja kwa khoma. Ndikutumiza ndalama kumudzi, ndikufuna yanga ioneke choncho. Miyala imeneyi ndi yanji, ndipo kwathu ingakhale?"

MMISIRI: Zikomo bambo. Mwala mwauonawo ndi sileti. Amene tinayamba sukulu kalekale tikuukumbuka, ndi womwe uja tinkalembapo tisanapatsidwe kope. Unayamba ngati matope pansi pa madzi, kenaka unapanikizika ndi kutenthedwa pansi pa nthaka kwa zaka zosawerengeka, n'chifukwa chake umang'ambika mapalemapale. Ku South Africa wambiri amaukumba ku Mazista, kufupi ndi Swartruggens. Ku Wales anthu anafolera nawo nyumba kwa zaka mazanamazana, moti mu 2021 UNESCO inaika migodi yakumeneko pa mndandanda wa malo osungidwa a dziko lonse.

Kuno kwathu miyala yotizungulira ndi ina. Ya phiri la Zomba ndi yolimba ngati nsangalabwi, imasweka zibuluma, sing'ambika bwino. Miyala yafulati imene mumaiona itaimikidwa m'mbali mwa misewu anthu amangoitcha sileti, ngakhale yambiri ndi ya mtundu wina. Zimenezo zisakudetseni nkhawa, bola muiyese. Ugogodeni ndi msomali: wabwino umalira ngati belu, wovunda umangoti phu. Uviikeni m'ndowa usiku wonse. Ukasenda kapena kufumbutuka, usiyeni. Wa timadontho tonyezimira ngati golide umadzatulutsa dzimbiri n'kuthimbiriritsa khoma.

Koma bambo, mtima wanga uli pa nthaka ya ku Kachulu kuposa pa mwalawo. Dera lalikulu la kumeneko ndi makande. Dzinja amafufuma, chilimwe amang'aluka mpaka phazi la mwana kulowa. Mwala wochindikala masentimita 2 umalemera makilogalamu oposa 50 pa sikweya mita imodzi, ndiye kuti thumba la simenti lathunthu lapachikidwa pamenepo, osawerengera dothi la simenti lomatira. Khoma likayenda pang'ono, miyala imayamba kugwa, ndipo pansi pake ndi pomwe ana amasewera. Ndalama zoyamba zipite ku maziko akuya a konkiriti ndi zitsulo, ndi bimu yomanga nyumba yonse pamwamba pa mawindo. Sileti abwere pomaliza.

WOWULUTSA: Yachiwiri ndi ya mayi wa ku Jali. Akuti khoma lawo latuwa mmunsi, pulasitala akusenda chaka ndi chaka, ndipo womanga wina wawauza kuti amate miyala kuti vutolo lithe.

MMISIRI: Mayi, chonde musatero msanga. Ndimamva chisoni ndikaona ndalama za mpunga zikupita pa ntchito yongobisa chilonda. Zotuwazo ndi mchere. Nyanja ya Chilwa ilibe potulukira. Likangala, Domasi, Phalombe ndi mitsinje ina imathiramo, madzi amangouma ndi dzuwa, mchere n'kutsala. Amene anaona nyanja itaphwa mu 1995 ndi 2018 akukumbuka mmene pansi panayerera. Chinyezi cha m'nthaka chimakwera m'njerwa monga mafuta akwerera m'chingwe cha koloboyi, chikauma chimasiya mcherewo, ndipo ndiwo umatukula pulasitala. Mukamata mwala pamwamba, chinyezicho chimasowa potulukira, chimakwera kupitirira pamene mwala wathera kapena kutulukira kuchipinda.

Yambani mwafunsa ngati pomanga anayala pulasitiki yakuda yotchinga chinyezi pamwamba pa maziko. Ngati sanayale, mmisiri wodziwa akhoza kuilowetsa pochotsa njerwa zochepa, kutseka, n'kusunthira patsogolo. Kumbani ngalande yochotsa madzi a padenga, khonde likhale lotsetsereka kunja. Khoma liume chilimwe chonse. Pamenepo ndiye mwala uli ndi ntchito yeniyeni: kuyambira pansi kufika m'chiuno, pamene mvula imathovukira ikagwa kuchokera pamalata. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anationetsa kuti makoma ambiri amagonja kuyambira mmunsi, akanyowa masiku angapo osauma.

Ndiwonjezere ichi: madzi a mchere, kaya a kunyanja kaya a mjigo wowawa, asalowe mu simenti. Lawani kaye. Ndowa imodzi ya simenti pa ndowa zitatu za mchenga wa kumtsinje wopanda matope, kumbuyo kwa mwala kudzaze konse osasiya mphako, mipata itsekedwe bwino, ndipo muzithirira masiku 7.

WOWULUTSA: Mnyamata wa ku Govala akufunsa mwachidule: pa khoma la zidina zingatheke?

MMISIRI: Achimwene, simenti sigwirana ndi dothi losawotcha. Idzakakamira miyezi ingapo kenaka idzagwa chigamba chonse. Mangani kakhoma ka miyala koima pakokha, kokhala ndi maziko ake, kotsamira zidinazo mpaka m'mawondo, ndipo denga litulukire kunja mokwanira. Miyala yake ikhoza kukhala ya zibuluma yomweyi, ndiyonso yotchipa. Ingopewani kukaitola m'nkhalango yotetezedwa ya phiri la Zomba.

WOWULUTSA: Yomaliza, mphunzitsi wa ku Domasi akuti akufuna khoma lonse lakutsogolo likhale lakuda bii, monga akuonera pa foni.

MMISIRI: Aphunzitsi, nyumba zimenezo zambiri ndi za kumayiko ozizira, kumene kutentha amakufuna. Taganizani Okutobala wa kuchigwa cha Chilwa. Mwala wakuda woyang'ana kumadzulo umamwa dzuwa masana onse n'kumalibweza usiku, inu mukufuna tulo. Ine ndikanasankha wotuwa kapena wofiirira, n'kuuika pa zipilala za khonde, mozungulira chitseko ndi mmunsi mwa khoma, kwinako laimu woyera. Ngati mtima wakana ndipo mukufunabe wakuda, ukhale pa khoma la kummwera kapena pansi pa mthunzi wa khonde. Ndipo mwala uliwonse wopitirira mutu wa munthu umangiriridwe ndi waya wosachita dzimbiri wolowa m'khoma, osadalira simenti yokha.

WOWULUTSA: Nthawi yatithera. Kalata ya bambo a ku Mayaka yofunsa za matanki a madzi a mvula tidzayamba nayo sabata yamawa.