Dziwani Ufulu Wanu: Moto wa M'phiri la Mulanje ndi Lamulo

Nyengo ya chilimwe, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, anthu a ku Thuchila amaona moto wolusa m'phiri la Mulanje, umene kawirikawiri umayatsidwa ndi alenje kapena osaka mbewa, ndipo umapsereza mbande za mkungudza, mtengo wa fuko lino umene watsala pang'ono kutheratu. Popeza phirili ndi nkhalango yotetezedwa kuchokera mu 1927, kuyatsamo moto popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa Lamulo la Nkhalango la 1997, limene Nyumba ya Malamulo idalikonzanso mu 2020 pokhwimitsa zilango.

Amene amazimitsa motowo ndi alonda a nkhalango ndi anthu a m'midzi yozungulira, omwe amalambula njira zotchinga moto, ndipo ukayaka amaumenya ndi nthambi zaziwisi pamalo otsetsereka, utsi uli m'maso. Wolembedwa ntchito akavulala pa ntchito yotereyi, lamulo la chipukuta misozi cha ogwira ntchito la 2000 limamupatsa ufulu wolandira chipepeso, ndipo n'kulakwa kumutaya ngati kuti kulimba mtima kwakeko kudali malipiro.

Boma lidatumizapo asilikali a nkhondo kukalondera nkhalango monga Dzalanyama, koma yunifolomu siichotsa ufulu wa munthu woganiziridwa mlandu monga woyatsa moto m'nkhalango. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko limaletsa kuzunza munthu, pamene gawo 42 likunena kuti womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chiyankhulo chimene amamva, akhoza kukhala chete, ndipo aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Womenyedwa angathe kukadandaula ku Malawi Human Rights Commission.