Woyang'anira Cipatala ndi Nchito Yace

Ana ambiri akafunsidwa nchito imene afuna kudzagwira atakula, amayankha kuti, "Ndidzakhala dokotala," kapena, "Ndidzakhala namwino." Nchito zimenezi nzabwino ndithu. Koma m'cipatala muli munthu winanso amene sabaya jekeseni, samanga zilonda, ndipo odwala ambiri sadziwa nkhope yace. Munthuyo ndiye woyang'anira cipatala. Akagona pa nchito yace, dokotala angakhale wanzeru cotani sangathe kuciritsa anthu.

Tiyeni tione cipatala ca St Francis ca ku Katete. Cipatalaci cinayambidwa ndi Mpingo wa Anglican m'caka ca 1948, ndipo pambuyo pace Akatolika anagwirizana nao pa kuciyendetsa. Dr James Cairns anacitsogolera kuyambira 1958 kufikira 1996. Odwala amadza kumeneko kucokera m'midzi ya mwa Kawaza ndi mwa Mbang'ombe, ku Sinda, ndi kutali kwina. Ena amabwera ndi makalata ocokera ku zipatala zina, monga ca Nyanje ca m'boma la Sinda.

Tsono taganizani zinthu zimene nyumba yotere ifuna tsiku ndi tsiku. Odwala mazana angapo ayenera kudya nsima ndi ndiwo. Nsaru za pa kama ziyenera kucapidwa. Madzi asaleke kuturuka m'mipope, ndipo magetsi akazima, makina opangira magetsi akhale ndi mafuta, pakuti dokotala sangaleke opareshoni pakati. Ambulansi ifuna matayala, anchito afuna malipiro ao, ndi nkhokwe ya mankhwala ifuna kuwerengedwa. Woyang'anira, pamodzi ndi akalaliki, osunga ndarama ndi osunga katundu, ndiye aona kuti zonsezi ziri m'malo mwace.

Kufunika kwa nchitoyi kuoneka bwino tikaganiza za nthenda ya khansa. Thupi la munthu lipangidwa ndi tizigawo tating'ono kwambiri tochedwa maselo. Nthawi zina maselo ena ayamba kucuruka mosalekeza, napanga cotupa cimene cingafalikire m'thupi. Imeneyo ndiyo khansa. Sicokera kwa mfiti ai, ndipo munthu saitenga pakudyera m'mbale imodzi ndi wodwala. Ikapezeka msanga, kawirikawiri icizika, ikacedwa, ibvuta. Cifukwa cace pa nthenda iyi masiku ali amtengo wapatali.

M'Zambia khansa imene igwira akazi koposa zonse ndiyo ya khomo la cibelekero. M'caka ca 2006 m'dziko muno munayamba nchito yopima amai ndi viniga. Namwino apaka viniga pamalopo, ndipo mbali imene yayamba kuonongeka iyera. Ngati bangalo liri laling'ono, alipsereza kapena kuliumitsa ndi cisanu tsiku lomwelo. Ndiponso kuyambira 2019 asungwana m'dziko lonse alandira katemera woletsa kacirombo kochedwa HPV, kamene kayambitsa khansa imeneyi. Koma katemerayo aonongeka akatenthedwa. Ayenera kusungidwa m'firiji pa kuzizira kwa madigiri 2 kufikira 8. Ndani aona kuti firiji igwira nchito, ndi kuti viniga sanathe? Ndiye woyang'anira uja.

Tiyerekeze kuti mai wina wa ku Vubwi, boma limene licita malire ndi Malawi ndi Mozambique, wapimidwa napezeka ndi cotupa cacikuru. Namwino wa kwao amlembera kalata yomtumiza ku cipatala cacikuru, monga ca Chipata kapena ca Katete. Kumeneko dokotala adula kanyama kakang'ono ka cotupaco, nakaika m'botolo la mankhwala. Pa botolopo alemba dzina ndi nambala, nalitumiza kwa akatswiri oyang'ana ndi galasi lokuza zinthu. Yankho likabwera, liyenera kumpeza maiyo kumudzi kwace. Ngati ndi khansa yofuna kutenthedwa ndi ceza ca makina, maiyo atumizidwa ku Lusaka, ku Cancer Diseases Hospital, cipatala cimene cinatsegulidwa ndi Pulezidenti Levy Mwanawasa m'caka ca 2007. Cisanamangidwe cipatalaco, odwala otere anali kutumizidwa ku Zimbabwe kapena ku South Africa, ndipo opita anali owerengeka.

Kucokera ku Katete kufika ku Lusaka ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 500, kutsata mseu wa Great East ndi kuoloka mlatho wa Luangwa. Mankhwala a ceza satha tsiku limodzi. Wodwala akhala komweko masabata angapo. Werengani tsono manja amene kalata ya maiyo yapitamo. Kalaliki mmodzi akalemba nambala molakwa, yankho lipita kwa munthu wina. Pepala likaiwalika m'kabati miyezi itatu, cotupa sicidikira, cingokulabe. Maiyo akafika ku Lusaka osapanganiratu tsiku, ndarama za mtedza ndi cimanga zimene abale anasonkha zithera m'njira. Woyang'anira wabwino akhazika dongosolo lakuti pepala liri lonse lilembedwe m'buku kapena m'kompyuta poturuka ndi pobwera, ndi kuti pakhale munthu womtsata wodwala ali yense kufikira atathandizidwa.

Palinso odwala amene nthenda yao yapitirira. Iwonso sataidwa. Apatsidwa mankhwala amphamvu oletsa ululu ochedwa morphine. Mankhwala amenewa asungidwa m'kabati yokhoma, ndipo muyeso uli wonse woturuka ulembedwa m'buku. Wosunga nkhokwe waulesi akaiwala kuitanitsa ena nthawi ikalipo, gogo wina agona akubuula usiku wonse.

Ndarama zoyendetsera cipatala ca mpingo zicokera ku Boma, ku mipingo ndi kwa abwenzi a kunja. Zipatala za mipingo zinapanga bungwe lao m'caka ca 1970, limene lero lichedwa Churches Health Association of Zambia. Onse opereka ndarama afuna kudziwa m'mene zinayendera. Kotero woyang'anira ayenera kukhala ndi malisiti a ngwee iri yonse. Wakuba ndarama za cipatala aba moyo wa mnzace.

Ena amene agwira nchito yotere zaka zambiri asanduka alangizi a kayendetsedwe ka nchito. Mlangizi aitanidwa ku cipatala kumene zinthu sizilongosoka. Iye safulumira kudzudzula. Ayamba wakhala pa benchi pamodzi ndi odwala, nawerenga maora amene adikira. Afunsa wophika, wosesa ndi woyendetsa ambulansi. Ayang'ana mabuku a m'nkhokwe. Pomaliza auza akuruakuru kuti, "Mzere utalika cifukwa zenera la makadi ndi limodzi," kapena, "Yambani kupereka mankhwala amene masiku ao ali pafupi kutha." Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, anatero makolo.

Kodi mwana wofuna nchito imeneyi acitenji? Alimbike pa masamu, pakuti adzawerenga ndarama, makama ndi mabotolo. Aphunzire kulemba kalata yomveka m'Cinyanja ndi m'Cingerezi. Akatsiriza Giredi 12, angapite ku koleji kapena ku yunivesiti kukaphunzira za kusunga ndarama, kugula katundu ndi kutsogolera anchito. Ambiri ayamba pa ukalaliki, nakwera pang'onopang'ono. Koma coposa masatifiketi ndico khalidwe. Akhale wokhulupirika, wosunga nthawi, ndi wosaulula nthenda za anthu zimene aona m'mapepala. Akumbuke kuti nambala iri yonse ya m'buku lace ndi mai wa munthu, kapena atate, kapena mwana.

MAFUNSO

1. Chulani zinthu zisanu zimene cipatala cifuna tsiku ndi tsiku.
2. Cifukwa ninji khansa iyenera kupezeka msanga?
3. Fotokozani ulendo wa mai wa ku Vubwi kufikira ku Lusaka.
4. Kodi mlangizi acita ciani asanapereke malangizo ace?
5. Werengani mabuku ndi madesiki a m'kalasi mwanu, ndipo mulembe m'ndandanda monga acitira wosunga katundu.