PHUNZIRO: DANIELI NDI KAPITAO WACE

Abale, werengani Danieli mutu 1. Mnyamata uja anatengedwa ukapolo kunka ku Babulo, naikidwa m'nyumba ya mfumu Nebukadinezara kuti aphunzire nchito. Cakudya ca mfumu anacikana, pakuti cikadamdetsa pamaso pa Mulungu wace. Tizolowera kutama Danieli, ndipo nkoyenera. Koma lero tipenye munthu amene timdumpha powerenga, ndiye kapitao woyang'anira anyamatawo. Mkulu wace anali atanena kale kuti aopa kudulidwa mutu. Komabe kapitaoyo anamvera Danieli, nalola kumuyesa masiku 10 ndi zomera za m'munda ndi madzi okha. Nchito ya mfumu siinaonongeke ai.

M'dziko lathu lino kapitaoyo kawirikawiri ndife. Pa kalembera wa 2018, mwa anthu 100 ali onse, ngati 14 anapezeka Asilamu, ocuruka ku Mangochi, Machinga ndi Balaka. Ena a iwo atilimira m'munda, ena atimangira nyumba, ndipo ana ao aphunzira m'sukulu za Mpingo.

Nanga Msilamu apempha ciani kwa mwini nchito? Aswali kasanu pa tsiku, koma mapemphero awiri okha agwa m'nthawi ya nchito ya usana, ndipo satha nthawi. Afuna madzi akusamba ndi malo oyera, basi. Lacisanu, dzuwa litapendeka pang'ono, afuna ngati ora limodzi akapemphere kumzikiti. Ife Sabata lathu tilipeza lopumula kale osalipempha kwa munthu, cotero tiiwala kuti mnzathu ayenera kucita kupempha.

Colemetsa ndi mwezi wa Ramadani, masiku 29 kapena 30, pamene sadya kapena kumwa kuyambira mbandakuca kufikira kulowa kwa dzuwa. Caka cao cicepa ndi masiku ngati 11, motero mweziwo uyendayenda m'nyengo zonse. Ukagwa pa dzuwa la October, munthu woumba njerwa wopanda dontho la madzi kukhosi asauka ndithu. Wanzeru ampatsa nchito yolemera m'mamawa, namsiyira yopepuka masana.

Za sukulu zinatipweteka. M'caka ca 2019, pa M'manga m'boma la Balaka, panabuka ndeu cifukwa ca ana akazi obvala hijabu pa sukulu ya Mpingo. Anthu anabvulala, ndi nyumba zinaonongeka. M'caka ca 2021 akuru a Akristu ndi a Asilamu, poitanidwa ndi bungwe la Public Affairs Committee, anapangana kuti anawo abvale hijabu ya mtundu wolingana ndi cobvala ca sukulu. Mau otere akadapezeka mwazi usanakhetsedwe.

Wina adzati, Kodi potero sitibvomereza ciphunzitso cao? Iai. Kapitao uja sanasanduke Myuda pakupatsa Danieli zomera. Lamulo lalikuru la dziko la 1994, pa ndime 33, lipatsa munthu ali yense ufulu wa cipembedzo, ndipo ndime imene isunga iwo ndi yomweyo isunga ife. Ndiponso munthu amene tamkaniza kupemphera sadzatichera khutu tsiku limene tidzamuuza za Yesu.

Makolo athu a kunyanja anacidziwa ici. Pa ukwati kapena pa maliro ankaitana Msilamu kudzazinga mbuzi, kuti mudzi wonse udye mbale imodzi. Ndipo m'midzi yambiri acita comweco kufikira lero.