Phunziro: Zitumbuwa za nyemba zosaphwasuka m'chiwaya

Nyemba tazikolola, koma ana akadya zophika masiku atatu otsatizana amayamba kukankha mbale. Njira ina yowabwezera pa nyemba ndi kuzisinja, kuziumba ngati chitumbuwa chophwatalala n'kuzikazinga. M'tauni amaziika pakati pa banzi n'kumazitcha baga. Ambiri amene anayesapo amadandaula chinthu chimodzi: potembenuza, chitumbuwa chimaphwasuka, mafuta amadzaza zinyenyeswazi zopserera, ndipo nyemba, mafuta ndi nkhuni zonse zapita pachabe. Pamtengo wa mafuta wa masiku ano, si nkhani yoseka.

Chimene chimaphwasula zitumbuwa kawirikawiri ndi madzi. Nyemba zikapsa, tsanulani msuzi wonse m'mbale ina (musataye, ndi ndiwo imeneyo), kenaka ziyanikeni palichero loyera mpaka zizizire ndi kuuma kunja. Anyezi wamuwisi amatulutsa madzi akamva moto, choncho mudule timizidutswa ting'onoting'ono ndi kumukazinga kaye. Tomato asalowemo. Mudzamuika pambali pakudya.

Posinja mumtondo, musafike poti zikhale ngati chipere. Sinjani magawo awiri mwa atatu kuti asalale, gawo lotsalalo lingophwanyika. Zosalala zija ndizo zimamata, ndipo zidutswa zimachititsa kuti chitumbuwa chisakhale phala mkati. Nyemba zikhale zopsa bwinobwino musanasinje, chifukwa mphindi zochepa za m'chiwaya sizingapsetse nyemba yolimba.

Tsono chomatira. Pa makapu 2 a nyemba zosinja, yambani ndi dzira 1 ndi masupuni akulu 3 a ufa wa chinangwa, mchere ndi anyezi uja. Dzira limalimba likatentha n'kugwira zonse pamodzi, n'chifukwa chake siliikidwa mu nyemba zotentha: lingapse lisanagwire ntchito yake. Ufa wa chinangwa umamwa madzi otsala ndipo umanyanda ukapsa, monga mmene kondowole amachitira. Ukhale wa chinangwa chonyikidwa ndi kuumitsidwa bwino. Ufa wa tirigu nawo umamata, koma ndi wogula. Mgaiwa ndi ufa woyera zimamwa madzi koma sizimata kwenikweni, ndipo mukachulutsa, chitumbuwa chimauma n'kung'aluka m'mphepete. Pakhomo popanda dzira, mbatata yofiira mkati yophika ndi kupota, theka la kapu, pamodzi ndi ufa wa chinangwa, zimagwira ndithu, komanso ana amapezamo vitamini A.

Amene mumalima soya, monga Tikolore kapena Nasoko, tamverani izi. Soya ali ndi zomanga thupi ndi mafuta ambiri kuposa nyemba, koma alibe ufa womata umene nyemba zili nawo. Soya payekha amayoyoka ngati mchenga ngakhale mutamusinja chotani. Musakanizeni ndi nyemba, khobwe kapena mbatata, theka ndi theka. Kumbukiraninso kumuthira m'madzi owira kale pomuphika. Akanyowa ndi madzi ozizira atasweka amatulutsa fungo lija limene ambiri amadana nalo.

Mungadziwe bwanji kuti zosakaniza zafikapo? Chitani monga timachitira poyesa chinyezi cha manyowa. Tapani dzanja limodzi, finyani, tambasulani. Zikamatirira ku zala ndiye kuti madzi achuluka: onjezani supuni imodzi ya ufa. Zikasweka mukangotambasula dzanja ndiye kuti zauma: thirani supuni imodzi ya msuzi uja. Zikakhala mpira wosunga zidindo za zala, zili bwino. Vundikirani, muzisiye pamthunzi kwa mphindi 30 kuti ufa umwe madzi. Apa ndi pamene ambiri amathamangira.

Umbani zazing'ono, zokwana pachikhatho, zonenepa ngati chala chachikulu. Zazikulu zimathyoka pakati ndi kulemera kwake komwe. Mafuta angophimba pansi pa chiwaya, ndipo atenthe kaye; ponyanimo kachidutswa, kakalira nthawi yomweyo ndiye kuti atentha. Mukaika, dzanja lichoke. Dikirani mphindi 4 kapena 5 kufikira pansi pachite nkhoko yofiirira, chifukwa nkhoko imeneyo ndiyo imanyamula chitumbuwa. Tembenuzani kamodzi kokha ndi chinthu chophwatalala, ndipo musachipsinje.

Zoti tichite lero

Kusukulu ya m'munda sitikhulupirira chinthu tisanachiyese. Gawanikani m'magulu anayi, gulu lililonse litenge makapu 2 a nyemba zochokera mumphika umodzi. Gulu loyamba lisaikemo chomatira chilichonse. Lachiwiri liike mgaiwa wokha. Lachitatu liike dzira ndi ufa wa chinangwa, lachinayi mbatata ndi ufa wa chinangwa. Gulu lililonse ligawe zosakaniza zake pawiri: theka likazingidwe nthawi yomweyo, theka lina lidikire mphindi 30.

Mlembi wa gulu alembe kuchuluka kwa zitumbuwa zimene zalowa m'chiwaya, zimene zatuluka zathunthu, ndi masupuni a mafuta amene atha. Tikalawa, gulu lililonse liwerengere ndalama zimene zalowa pa chitumbuwa chimodzi, osaiwala nkhuni, kuti amene akuganiza zogulitsa pamsika adziwe poyambira mtengo. Sabata yamawa, amene muli ndi nandolo kapena khobwe mubweretse makapu awiri ophika kale.