Galasi lakutsogolo la pikapu yakale: mafunso anu, mayankho a amakaniko

Wowulutsa: Amakaniko afika kale muno, ndipo kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Mchinji. Akuti: "Ndili ndi Nissan 1400 yomwe ndimanyamulira mtedza. Galasi lakutsogolo linang'aluka ndi mwala, ndiye ndagula lina kwa ophwasula galimoto. Kodi ndingaliike ndekha, nanga labala wakale ndingamugwiritsenso ntchito?"

Amakaniko: Zikomo achimwene. Bambo, ntchitoyi mungaithe, koma mukhale anthu awiri. Mwayi wanu ndi woti galimoto imeneyi ankaipanga ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria ku South Africa, mpaka 2008, choncho zipangizo zake zikupezekabe. Galimoto za masiku ano galasi amachita kulimata ndi guluu. Yanuyo ayi: galasi limagwidwa ndi labala yekha. Labalayo ali ndi tingalande tiwiri, kena kolowa galasi, kena koluma m'mphepete mwa chitsulo.

Za labala wakale, ndikukanizani. Wapsa ndi dzuwa kwa zaka zambiri, wauma, ndipo mukamukakamiza amathyola galasi. Tengani mpeni wakuthwa, dulani mlomo wake wakunja kuzungulira konse, kenako kankhani galasi lakalelo muli m'kati mnzanu akulandira panja. Valani magolovesi. Anthu ambiri amamvera chisoni labala wotchipa n'kuswa galasi lodula.

Galasi likachoka musathamangire kuika latsopano. Yang'anani chitsulo chomwe chinabisika, makamaka m'makona a m'munsi momwe madzi amakhazikika. Dzimbiri lonse lichoke ndi sandipepa, mupake penti woteteza ku dzimbiri, aume bwino. Pobooka pawotchereredwe ndi kusalazidwa, chifukwa kachitsulo kamodzi kotukuka kangayambitse mng'alu mukangogunda bampu yoyamba.

Wowulutsa: Nanga kuikako kwenikweni?

Amakaniko: Apa ndiye pokoma. Labala watsopano muyanike padzuwa kuti afewe, ndipo mumuveke kuzungulira galasi lili pa tebulo lomwe mwayalapo bulangete. Kenako tengani chingwe cha nayiloni cholimba, chonenepa mamilimita 4 kapena 5, muchilowetse m'kangalande koluma chitsulo kuzungulira konse. Nsonga zake ziwiri zipitirirane pakati m'munsi. Pakani madzi a sopo pa labala ndi pa chitsulo. Oyilo kapena girizi musayerekeze, amafufumitsa labala n'kumuwononga.

Mukatero ikani galasi pamalo pake kuchokera panja, nsonga za chingwe zikulendewera m'kati pa dashibodi. Onetsetsani kuti mpata wa kumanja ndi wa kumanzere ndi wofanana. Mnzanu akanikize ndi zikhatho zotambasula, inu muli m'kati mukukoka chingwe pang'onopang'ono, molozetsa pakati pa galasi. Chingwe chikamatuluka chimakokera mlomo wa labala kuti ukwere pa chitsulo. Kokani pang'ono uku, pang'ono uko, mikono ya mnzanuyo izitsata pomwe chingwe chafika. M'makona chingwe chimavuta. Chizungulizeni ngati mukutakasa phala, chidzadutsa osang'amba labala. Mukatsirizire pakati pamwamba. Sikuludiraiva isayandikire m'mphepete mwa galasi, ndipo wapanjayo asamenye ndi chibakera. Ndaonapo anyamata amphamvu akuswa galasi ntchito itatsala pang'ono kutha, chifukwa chofuna kuonetsa nyonga.

Wowulutsa: Kalata yachiwiri ndi ya mayi wina wa ku Mzimba. Akuti amuna awo anawasiyira Land Rover yakale ya magalasi awiri kutsogolo. Limodzi lasweka, ndipo wodula magalasi a m'nyumba wawauza kuti angawadulire motchipa.

Amakaniko: Mayi, pepani ndi zomwe zinakugwerani, koma munthu ameneyo mumukanire. Ndikudziwa chomwe chikumukopa: magalasi a Land Rover za mtundu wa Series ndi athyathyathya, sanapindike, ndiye amaoneka ngati a zenera. Galasi limodzi lalikulu linabwera ndi mtundu wa One Ten mu 1983. Koma galasi la m'nyumba likasweka limatuluka zidutswa zazitali zosongoka, ndipo pa liwiro la pamsewu zimalunjika kunkhope ndi pakhosi.

Lofunika ndi lotchedwa laminated. Limeneli ndi magalasi awiri omwe anamatidwa ndi pulasitiki pakati, moti mwala ukalimenya limang'aluka koma zidutswa zimakhala zogwirana. Poti lanulo ndi lathyathyathya, odziwa magalasi a galimoto angakudulireni kuchokera pa galasi lalikulu la mtundu umenewo. Atengereni katoni yomwe mwajambulapo muyezo, kapena galasi linzake lomwe latsala. Muwauzenso asalaze m'mphepete. Pali mtundu wina, toughened, womwe ukasweka umayoyoka timiyalamiyala. Umenewo sudulika ukachoka kufakitale, ndiye wina akati akudulirani, dziwani kuti akukunamizani. Pogula lopangidwa kale, werengani chidindo cha pakona. Chimanena mtundu wake.

Wowulutsa: Yomaliza yachokera ku Luchenza. Mnyamata uyu akuti Peugeot 404 ya agogo ake imadontha madzi pa dashibodi mvula ikamagwa, ngakhale anathira silikoni kuzungulira galasi lonse.

Amakaniko: Mphwanga, silikoni ameneyo ngati ankanunkha ngati viniga pothira, ali ndi asidi, ndipo akudya chitsulo pansi pa labala pomwe iwe sukuona. Umuchotse. Ndiye upeze pomwe madzi akulowera: wina akhale m'kati, iwe uzithira madzi panja kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba pang'onopang'ono. Nthawi zina vuto silikhala galasi n'komwe, madzi amalowera pa timabowo ta mawaipa. Ngati ndi labala ndipo akadali wofewa, tukula mlomo wake ndi kapulasitiki kosalala, uthiremo mankhwala omatira magalasi a galimoto omwe sauma gwa. Ukapeza kuti wang'ambikang'ambika kapena wafupika m'makona, gula wina, uchite zomwe ndawauza bambo a ku Mchinji. Uchite zimenezi mvula isanayambe, chifukwa penti wa pachitsulocho amafuna tsiku louma.

Wowulutsa: Nthawi yatithera. Sabata yamawa tiyankha makalata a mabuleki.