ZA UMOYO: Mitengo ya kumudzi ndi cakudya ca mwana wa m'komboni

Kuyambira Novembala mpaka Febuluwale cimanga cimakhala citacepa m'nkhokwe za kumudzi, ndipo unga m'tauni umadula. Ndiyo nthawinso imene ana ambiri amatsika sikelo ku kiliniki. Koma m'miyezi yomweyi misika ya ku Chipata, Katete ndi Petauke imadzala ndi masuku, mango ndi bowa. Zonsezi zicokera ku mitengo imene alimi anaisiya m'minda ndi m'thengo.

Ambiri amayesa zipatso ndi zosewera nazo ana. Si tero ai. Mango ndi mapapaya akupsa ali ndi zinthu zimene thupi limasandutsa vitamini A. Mwana wosowa vitamini ameneyu saona bwino kukayamba mdima, ndipo cikuku kapena kutsegula m'mimba kukamugwira amadwala kwambiri. Zoona, shuga wa m'dziko muno amaikidwamo vitamini A kuyambira 1998, ndipo ana a miyezi 6 mpaka zaka 5 amalandira kapisozi kawiri pa caka. Koma kapisozi sikadzaza mimba, ndipo shuga wambiri amaononga mano.

Malambe, magwafa ndi masau ali ndi vitamini C wocuruka. Malambe aposa ngakhale malalanje. Vitamini C amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'nyemba ndi m'ndiwo zamasamba, amene apanga magazi. Conco mai wapakati amene wauzidwa kuti magazi ake ndi ocepa acita bwino kudya cipatso atangomaliza nsima, m'malo mwa kumwa tiyi, pakuti tiyi amatsekereza ayironi. Mapiritsi a ku sikelo asawaleke. Zipatso zonse zitsukidwe ndi madzi owiritsa kapena othira klorini, cifukwa nyengo ya mango ndiyonso nyengo ya kolera.

Nkhani ya bowa ndiyo imene anthu ambiri saidziwa. Bowa wa m'thengo monga tente samera paliponse. Timizu take timalukana ndi mizu ya mitengo monga mombo, mtondo ndi msuku. Mtengo umapatsa bowa cakudya, bowa nayenso amathandiza mtengo kukoka madzi ndi mcere wa m'nthaka. Ndiye cifukwa cake bowa wotere salimidwa m'munda monga kabici. Mitengo ikatha pamalo, bowa nayenso amatha. Cimodzimodzi mphalabungu ndi matondo, zimene a m'tauni amati vinkubala: zimadya masamba a mitengo yomweyi, ndipo zili ndi zomanga thupi ndi ayironi monga nyama.

Pano pali cenjezo. Bowa wosadziwika asaphikidwe. Mitundu ina yakupha imayamba kuvuta patapita maola 6 kapena kuposerapo. Munthu amasanza ndi kutsegula m'mimba, kenaka amaoneka ngati wacira, pamene ciwindi cili kuonongeka. Onse amene anadya nawo apite kucipatala msanga, ndipo atenge bowa wotsala.

Tsono mombo ndi mtondo ndiyo mitengonso imene imapereka malasha olimba, amene amai amawafuna pa msika. Thumba lililonse lolowa m'komboni pa njinga ndi mtengo umene wagwa kumudzi. Mu 2024 cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, magetsi anali kuzima kwa maola ambiri pa tsiku, ndipo ngakhale mabanja okhala ndi masitovu anabwerera ku mbaula. Wootca malasha sayenera kunyozedwa, pakuti nayenso afuna ndalama ya sukulu. Koma mtengo umagulitsidwa malasha kamodzi kokha, pamene msuku umabala caka ndi caka, ndipo wodzala lero amadikira zaka zambiri asanadye.

Palinso mitengo imene imadyetsa anthu kudzera m'nthaka. Msangu umagwetsa masamba mvula ikayamba, motero suphimba cimanga, ndipo masambawo amasanduka manyowa. Ku Msekera, pafupi ndi Chipata, akatswiri a zaulimi anaonetsa m'zaka za m'ma 1990 kuti mitengo monga jerejere ndi gliricidia imabwezera conde m'munda woguga. Wacibale wa kumudzi akakolola bwino, thumba la cimanga limafikanso m'tauni.

Banja la m'komboni silingaleke kuphika, koma lingacepetse malasha. Nyemba zoviika usiku wonse zimapsa msanga. Poto akhale wovundikira. Mbaula ya dothi mkati imasunga moto kuposa ya citsulo cokha, ndipo makala otsala azimitsidwe kuti agwirenso nchito mawa. Mbaula yoyaka isagone m'nyumba yotseka, makamaka mu Juni ndi Julayi: imatulutsa mpweya wosaoneka ndi wosanunkha umene umapha anthu ali m'tulo.

Amene ali ndi kamalo kuseri kwa nyumba adzale mvula ikakhazikika. Papaya amabala caka cisanathe kapena citangotha, mango yolumikiza pa zaka 3 kapena 4. Mbande itetezedwe ku mbuzi ndi nkhuku, ndipo m'cilimwe madzi otsukuluzira mbale ndi okwanira kuithirira.