Owerenga Anu Asakhale M'manja mwa Eni

Ku Bembeke, m'mapiri a Dedza, kunali mtsikana wina waluso pa nthano. Akaweruka kumunda wa mbatatesi, ankalemba kachigawo ka nkhani pafoni n'kukaika patsamba lake la Facebook. Ankalemba zakwawo: chisanu cha mu June, mavenda otsitsa mtengo wa thumba m'mbali mwa msewu wa M1, zojambula za makolo m'mapanga a Chongoni. Anthu anamukonda. Ena ankamuwerenga ali ku Lilongwe, ena ali paganyu ku Johannesburg atagwidwa ndi chifundo cha kumudzi.

Mphunzitsi wake wakale anamulangiza kuti, "Mwanawe, anthu akukutsatirawa uwapemphe ma adiresi a imelo, uziwatumizira wekha nkhani zako." Iye anayankha mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, onsewo ndimawapeza patsamba pomwepa." Sanalembe dzina la munthu ndi mmodzi yemwe.

Tsiku lina analandira uthenga womuuza kuti wapata mphoto, angodina n'kulemba nambala yake yachinsinsi. Anadina. Kutacha, tsamba linali m'manja mwa mbava zomwe zinayamba kupempha ndalama m'dzina lake. Anatsegula tsamba lina, koma owerenga akanawaitanira kuti? Ntchito ya zaka inathera pomwepo. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.

Ngozi si mbava zokha. Mu January 2018, Facebook inasintha kasankhidwe ka zoonetsa anthu, ndipo zolemba za masamba ambiri zinayamba kufika kwa ochepa. Pa 4 October 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima pafupifupi maola 6 dziko lonse lapansi. N'chifukwa chake alembi ambiri anayamba kutumiza makalata a imelo kwa owerenga awo, ena kudzera pa Substack yomwe inayamba mu 2017. Kalata imafika kwa aliyense amene anaipempha, ndipo akayankha, yankho limabwera kwa mlembi mwini.

Komabe nawonso makampani otumiza makalatawa amatha. Twitter inatseka Revue mu January 2023, ndipo TinyLetter inatsekedwa mu February 2024. Amene anali atasunga mndandanda wa ma adiresi anangosamuka ndi owerenga awo n'kupitiriza kulemba.

Inu alembi a ku Dedza, Linthipe, Lobi ndi kwina konse, yambani lero. Pemphani owerenga anu imelo, ndipo amene alibe akupatseni nambala ya foni mwa kufuna kwawo. Mndandandawo muusunge pawiri, mukompyuta ndi m'kope. Musaugulitse, musaubwereketse, pakuti anthuwo akukhulupirirani. Muziwalembera pa nthawi imene munalonjeza, ndipo nambala yanu yachinsinsi musaipereke kwa wina aliyense.